Mbereko ya m'galimoto

Mneni wakuti kubereka ali ndi ntchito ziwiri. Mayi amabereka mwana pa tsiku lakubadwa, ndipo amamuberekanso m'mawa uliwonse akamuika kumsana ndi kumanga nsalu pachifuwa. Chishona chili ndi mneni yemweyu ndi matanthauzo awiri omwewa, ndipo mbereko ndi mbereko kuchokera ku Dedza mpaka ku Masvingo. Kwa eni zilankhulo ziwirizi, kunyamula mwana ndi kupitiriza ntchito imene inayambira m'mimba. Khanda lili pabwino likakhala pathupi pa munthu. Likakhala palokha, ngakhale pamalo ofewa chotani, wina amafunsa kuti amake ali kuti.

Maganizo amenewa ndiwo anakumana ndi mpando wa pulasitiki m'nyumba ina ya ku Tafara, kum'mawa kwa mzinda wa Harare.

Tafara ndi Mabvuku ndi malokeshoni amene anamangidwa m'nthawi ya Rhodesia, ndipo ambiri mwa okhalamo oyamba anali ophika, osamalira maluwa ndi olera ana m'nyumba za azungu ku Highlands ndi ku Greendale. Ochuluka ndithu anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Mpaka lero gule wamkulu amatuluka kumeneko, ndipo anansi olankhula Chishona amamutcha zvigure. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, koma m'makomo ambiri chatsalira m'kamwa mwa agogo, adzukulu akumva koma nkumayankha m'Chishona.

Agogo a m'nyumba imeneyi anabadwira ku Mabvuku. Bambo awo anachokera ku Dedza pa lole ya Ulere, ija inkanyamula anthu ofuna ntchito popanda kulipira. Iwo anabereka ana asanu ndi awiri, ndipo onse anawayendetsa kumsana ndi pamiyendo, m'mabasi, m'sitima ndi m'malole a kumaliro, popanda mmodzi yemwe kugwa. Mwana wawo wotsiriza anagula Honda Fit yochokera ku Japan. Mkazi wake atachira, mkulu wake wa mkaziyo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anatumiza pa basi katoni ya zovala za khanda pamodzi ndi mpando wa mwana wa m'galimoto.

Lamulungu lina, popita kutchalitchi, mtengwa anagoneka khanda mumpandomo, analiyang'anitsa kumbuyo, nayamba kukoka malamba. Agogo anaima pakhomo atapinda manja.

"Make mwana, kodi mdzukulu wangayu walakwanji kuti mumumange ngati mbuzi yopita kumsika? Manja anga adaduka?"

"Iyayi, Amayi, sikuti manja anu ndikuwakana," anayankha mtengwayo mogwada pang'ono. Chichewa chake chikafika pothina amathawira ku Chishona, ndipo anawonjezera kuti akungofuna kusunga mwana.

Pa mawu amenewa pali msampha wodziwika kwa aliyense wokulira pakati pa zilankhulo ziwirizi. M'Chishona kusunga ndi kumanga: amasunga chingwe, amasunga lamba, ndipo wakuba amasungwa ndi apolisi. M'Chichewa kusunga ndi kusamala chinthu kuti chisatayike kapena kuwonongeka. Mtengwa ananena za malamba, koma khutu la Chichewa linamva za chisamaliro. Agogo, amene zilankhulo zonse ziwiri amazidziwa bwino, anaseka pang'ono ndi kufunsa kuti kusunga kwake ndi kuti, kwa kuno kapena kwa kwathu. Sanagonje. Anakwera kumbuyo, nakhala pambali pa mpandowo, dzanja lawo lili pamimba pa khanda ulendo wonse.

Mkangano wa agogowa si wachibwana, ndipo woyankha mwachipongwe sangaupambane. Umboni wawo ndi ana asanu ndi awiri amoyo. Chimene umboniwo sutchula n'chakuti pa maulendo onsewo galimoto sinawombepo chinthu. Manja a mayi amakwanira pa zigwembe za msewu ndi pa mabuleki a dalaivala wopupuluma. Pa ngozi yeniyeni nkhani ndi ina. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola, liwiro limene pa Mutare Road amaliona ngati la mdipiti wa maliro, ikaima mwadzidzidzi, zonse za m'kati mwake zimapitiriza ulendo pa liwiro lomwelo mpaka zitapeza choziimitsa. Kumenyeka kwake n'kofanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. M'kamphindi kameneko khanda limalemera kuwirikiza kambirimbiri, ndipo palibe mkono umene ungaligwire. Ngati mayi sanamange lamba, thupi lake lomwe limapanikiza mwana ku mpando wa kutsogolo. Ngati walowetsa mwana m'lamba wake, kuti lamba mmodzi agwire onse awiri, mwanayo ndiye amakhala pakati pa lamba ndi kulemera konse kwa amake.

Thupi la khanda nalonso lili ndi vuto lake. Mutu wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lonse, pamene khosi likadali lanthete. Mwana woyang'ana kutsogolo, ngakhale atamangidwa, pa ngozi thupi limatsala m'malamba koma mutu umaponyedwa, ndipo khosi ndilo limasenza zonse. N'chifukwa chake mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo, kuti mutu, khosi ndi msana zikankhidwire pamodzi m'chigoba cha mpandowo. Nzeruyi inachokera kwa Bertil Aldman wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1960, ataona mmene opita kumlengalenga ankagonera chagada kuti msana wonse ulandire mphamvu ya chombo ponyamuka.

Komatu agogo a ku Tafara sanafunikire wa ku Sweden kuti awauze za khosi la khanda. Ndi iwo amene amakalipira mtsikana akanyamula mwana mutu uli lende. Ndi iwo amene, mwana akagona kumsana, amakokera nsalu m'mwamba mpaka kunkhongo. Mbereko yomangidwa bwino imagwira msana wonse, imachirikiza mutu, ndipo siisiya mpata woti mwana agwedezeke. Mpando wa m'galimoto umachita zomwezo, kungoti mwana umamubereka ku galimoto m'malo mwa kumsana kwa munthu. Dzina limene tachipatsa chinthuchi ndilo likusocheretsa. Tikati mpando wa mwana, anthu amamva chinthu cha ulemu ndi cha anthu a ndalama, chonga kampando kodyerapo kuhotela. Tikati kumanga mwana, amamva chingwe ndi ndende. Mbereko ya m'galimoto ndi dzina limene likunena ntchito yake, ndipo silifuna kumasulira kwa wa Chichewa kapena wa Chishona.

Mbereko yotereyi iyenera kusankhidwa ndi maso. Yopangidwa motsatira muyezo wa bungwe la United Nations imakhala ndi chikwangwani cha mtundu wa lalanje chokhala ndi chilembo E m'kati mwa mkombero, ndi nambala R44 kapena R129. Muyezo wa R44 umagawa mipando potengera kulemera kwa mwana: ya makanda mpaka makilogalamu 13, ina ya 9 mpaka 18, ndi ya ana okulirapo mpaka 36. Wa R129, umene unayamba mu 2013, umayang'ana msinkhu, ndipo umafuna kuti mwana ayang'ane kumbuyo kufikira atakwanitsa miyezi 15. Mpando woyang'ana kumbuyo suikidwa kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito, chifukwa chikwama cha mpweyacho chikaphulika chimamenya mpando pamene pali mutu wa mwana. Malamba athine mwakuti chala chingolowa movutikira. Apa pali chizolowezi china chimene chimawononga zonse: ku Harare khanda limakutidwa mabulangete awiri ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Bulangete likhale pamwamba pa malamba, osati pansi pake, chifukwa pa ngozi limaphwa ndipo mwana amapulumukira m'malamba olendewera. Mwana wokulirapo amafuna chokwezera, kuti lamba wa akulu adutse paphewa ndi m'chiuno, osati pakhosi ndi pamimba.

Ambiri sagula watsopano, popeza mtengo wake umapikisana ndi lendi ya chipinda. Amagula wogwiritsidwa kale ntchito, mwa njira yomwe ija ya zovala zimene ku Harare amati mabhero, ku Lilongwe kaunjika, ku Lusaka salaula. Malaya a kaunjika akang'ambika munthu amaona. Mpando umene unakhalapo pa ngozi ukhoza kukhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo pulasitiki yokhalitsa padzuwa imafooka. Wochokera kwa mbale amene akudziwa mbiri yake ndi wodalirika kuposa wonyezimira wa pamsika.

Nanga lamulo? M'misewu ya Harare lamba amene anthu amaopa kulipira naye chindapusa ndi wa dalaivala ndi wa wokhala pambali pake. Mwana woima pakati pa mipando, kapena wokhala pamiyendo ya amake kutsogolo, anthu samuwerengera pa milandu ya pamsewu. Kumene galimoto ya banja lija inachokera zinthu n'zosiyana: ku Japan, kuyambira mu 2000, mwana wosakwana zaka 6 amayenera kukhala mumpando wake. Magalimoto ambiri ochokera kumeneko ali ndi tizitsulo tiwiri tobisika pamphako ya mpando wa kumbuyo, totchedwa ISOFIX, tokolowekapo mpando wa mwana. Timawoloka nyanja, timalowa pa Beitbridge kapena pa Chirundu, ndipo galimoto imafika pokalamba mwini wake asanatidziwe. Ku Britain lamulo limafika mpaka zaka 12 kapena msinkhu wa masentimita 135. Ku South Africa, kuyambira mu 2015, mwana wosakwana zaka 3 ayenera kukhala mumpando woyenera, n'chifukwa chake mkulu wa mtengwa uja anauona mpandowo ngati gawo la katundu wa khanda. Bungwe la World Health Organization limati ngozi za pamsewu ndizo zikutsogola pa kupha anthu a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse, ndipo mipando imeneyi imatha kuchepetsa imfa za makanda ndi 71 peresenti.

Koma lamulo la ku South Africa lili ndi khomo lotseguka: silikhudza maminibasi ndi mabasi onyamula anthu olipira. Khomo limenelo ndi pamene pamadutsa ana ambiri a ku Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth. Iwo amayenda pa kombi, anthu anayi pamzere uliwonse, kapena pa mushikashika, timagalimoto tija ta anthu asanu timene timanyamula asanu ndi anayi. Wa ku Lilongwe akumbukire Sienta, wa ku Tete akumbukire chapa, ndipo waiona nkhani yonse. Mayi akafika pakhomo pa kombi amamasula thaulo, amatsitsa mwana kumsana ndi kumuika pamiyendo, chifukwa wa pamiyendo salipira. Wokulirapo amamukhazika pa Kadoma, kamalo kotentha kaja ka kumbuyo kwa dalaivala, pamwamba pa injini. Ndi malo okhawo m'kombi oyang'ana kumbuyo, koma Aldman sakanawavomereza.

Choncho lamulo lokopedwa monga lilili kuchokera kutsidya kwa Limpopo lingagwire eni magalimoto ndi kusiya ana ochuluka pamene ali. Limenelo si chifukwa cholikanira. Magalimoto a ku Japan adzaza m'mipanda ya m'malokeshoni, ndipo bambo amene wapeza ndalama ya galimoto, ya wailesi yaphokoso ndi ya magalasi akuda alibe podzikanira pa za mpando wa mwana wake. Koma lamulo lobwera lokha, popanda njira yotsitsira mtengo, lingangokhala chifukwa chinanso choimitsira anthu pamsewu. Ku Johannesburg kuli bungwe la Wheel Well limene limasonkhanitsa mipando imene ana aikulira, kuitsuka, kuiunika ndi kuipereka kwa makolo ena pa chopereka chochepa. Nzeru ya mtundu umenewo si yachilendo kwa zidzukulu za anthu a ku Nyasaland. Makolo awo ndiwo anatchuka ndi mabungwe a maliro mu Salisbury, kusonkherana mwezi ndi mwezi kuti mlendo asaikidwe ngati galu kudziko la eni. Anthu odziwa kusonkherana bokosi sangalephere kusunga mipando isanu ku tchalitchi kapena ku mzikiti, yobwerekana, popeza khanda limaukulira mpando wake woyamba chaka chikangopitirira.

M'nyumba ya ku Tafara mkangano sunathe ndi chigamulo. Agogo anayamba kuutchula mpandowo kuti mbereko ya ku Joni, mwina monyoza, mwina ayi. Patapita milungu ingapo anaphunzira kudina chomangira chake, ndipo tsiku lina anamveka akukalipira mwana wawo kuti malamba wawasiya olendewera, mwana angatuluke ngati nsomba.

Zimenezo ndi za Lamulungu. Lolemba m'mamawa Honda Fit ija imasanduka mushikashika, chifukwa ndiyo imadyetsa banja lonse. Mpando umatenga malo a anthu awiri olipira, choncho bambo amaumasula ndi kuukweza pamwamba pa kabati. Tsiku la sikelo likagwa pakati pa sabata, mtengwa amabereka mwana ndi thaulo, amayenda mpaka pokwerera, ndipo kondakitala akakuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi, amamasula mfundo ya pachifuwa ndi kulowa chowerama.