Chifundo Changa Chidatsala Pang'ono Kupha Chiŵeto cha Mdzukulu

Amayi anzanga, makamaka inu amene mumapita kukacheza kwa ana anu kunja, tamvani zimene zidandigwera ku Leeds mu July 2019.

Mdzukulu wanga amaŵeta kanyama kotchedwa axolotl m'bokosi lagalasi lodzaza madzi. Nkamtundu wa salamander, nyama zosapezeka kwathu kuno, ngakhalenso m'maiko onse a kumwera kwa Sahara. Kali ndi miyendo inayi, mchira, ndi timphonje tofiira topumira m'mbali mwa mutu. Nditakaona ndidati ndi buluzi, chonsecho abale ake ndi achule.

Paja buluzi amaothera dzuŵa. Tsiku lina onse atachoka, ndidakamvera chisoni kuti kakuzizidwa m'chipinda chamdima, ndipo ndidatsegula makatani kuti dzuŵa liwombe pagalasipo. Pofika madzulo madzi adali atafunda, ndipo kwa masiku atatu kadakana nyongolotsi zake.

Mwanayo sadandikalipire. Adangoti, misozi ikulengeza, "Agogo, kameneka sikafuna dzuŵa." Adandifotokozera kuti kwawo ndi m'ngalande za Xochimilco, ku Mexico City, kumene mtundu wake watsala pang'ono kutha, ndi kuti kamafuna madzi ozizira, a madigiri 16 mpaka 18. Kakaduka mwendo kamamera wina, koma kutentha sikapirira.

Ine amene ndidalera ana 6, nkuŵeta nkhuku ndi mbuzi zosaŵerengeka, ndidasoŵa chonena pamaso pa mwana wa zaka 9. Tsiku lachinayi m'mamaŵa kadameza nyongolotsi, ndipo adathamanga kudzandidzutsa kuti ndikaone.