Mmisiri wa Makina a Zaumoyo ndi Odwala a ku Angónia

Kupanga mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni othandiza zipatala ndi umisiri umene unayamba kuzika mizu m'Malawi ndi m'Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo amene amakhalitsa pa ntchitoyi kawirikawiri amayamba ndi kulemba mapulogalamu ali m'chipatala momwemo, kenaka amaitanidwa kukalangiza unduna wa zaumoyo, ndipo ena mwa iwo amadzatsegula makampani awoawo. Dera la Angónia, limene lili m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Tete ndipo likulu lake ndi tauni ya Ulónguè, ndi malo oyenera kuyeserapo luso la mmisiri wotere, chifukwa anthu ake amalankhula Chichewa pamene mabuku a m'zipatala zawo amalembedwa m'Chipwitikizi, midzi yambiri ili kutali ndi chipatala chachikulu cha ku Ulónguè, ndiponso malire a Malawi ali pafupi kwambiri moti kuwoloka pa Calómuè kupita ku Dedza ndi ulendo wamba.

Chinthu choyamba chimene mmisiriyu amaphunzira si chilankhulo cha kompyuta ayi, koma kayendedwe ka wodwala kuyambira pakhomo la chipatala mpaka pawindo lolandirira mankhwala. Phunziroli linaonekera bwino m'ntchito ya Baobab Health, imene Gerry Douglas anaiyambitsa pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero chimatchedwa Kamuzu Central, cha m'ma 2001. Amisiri a kumeneko anaona kuti namwino amene akudikiridwa ndi mzere wautali sangakhale pansi n'kumasakasaka zilembo pa kiyibodi, choncho anagwiritsa ntchito sikirini yongodina ndi chala, imene imafunsa funso limodzi nthawi imodzi, ndipo anaika makina osindikiza kasitika kokhala ndi timizere towerengedwa ndi makina, kamene kamamatidwa pa kabuku ka kuchipatala ka wodwala kuti akadzabweranso mbiri yake ipezeke msanga. Poti magetsi amathimathima, anasankha zipangizo zosadya moto wambiri zoyendera mabatire, ndipo m'chaka cha 2006 njira yomweyi inayamba kugwiritsidwa ntchito potsata anthu olandira ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Chimene chinapangitsa kuti anamwino asaataye makinawo n'chakuti ankawathandiza pa nthawi imene wodwala ali pamaso pawo, osati kuwasenzetsa ntchito yolemba malipoti odwala atapita kale.

Mmodzi mwa amisiri amene anakulira m'ntchito ya Baobab ndi Soyapi Mumba, amene ganizo lake, litaphatikizidwa ndi la Clement Mwazambumba pa mpikisano wa maganizo umene bungwe la Concern Worldwide linakonza, linabala Chipatala cha pa Foni. Ntchitoyi inayamba ku Balaka m'chaka cha 2011 moyendetsedwa ndi bungwe la VillageReach, poyamba yothandiza amayi oyembekezera ndi olera ana aang'ono, amene ankaimba nambala yaulere n'kulankhula ndi wogwira ntchito yachipatala m'chilankhulo chawo, komanso kulandira mauthenga a pafoni ogwirizana ndi msinkhu wa pathupi kapena wa mwana. Pambuyo pake kampani ya Airtel inalowapo, nambala ya 54747 inafalikira m'dziko lonse, ndipo unduna wa zaumoyo wa Malawi unailandira ntchitoyo kukhala yake. Gawo lomalizali ndi limene limavuta koposa, ndipo ndi pamene pamafunika mlangizi wa boma, chifukwa makina ambiri a zaumoyo amafa thandizo la mabungwe likatha, pamene palibe anaganizirapo za malipiro a oyankha mafoni, za mtengo wa intaneti, kapena za amene adzakonze seva, kutanthauza kompyuta yaikulu yosunga zolembedwa zonse, ikadzawonongeka.

Mlangizi wa unduna sakhala wolemba mapulogalamu tsiku ndi tsiku, koma wosankha ndi wokana. Amaonetsetsa kuti pulogalamu yatsopano ikutha kupatsirana ziwerengero ndi zimene zilipo kale, amateteza chinsinsi cha wodwala, ndipo nthawi zina amayenera kuuza bungwe lobwera ndi ndalama kuti chipatala chimodzi sichingasenze matabuleti atatu a mabungwe atatu ofunsa mafunso ofanana. Ku Mozambique, ziwerengero za m'zipatala zimasonkhanitsidwa m'dongosolo lotchedwa SIS-MA, limene linamangidwa pa DHIS2, pulogalamu yaulere imene imasamalidwa ndi University of Oslo ndipo Malawi nayenso amaigwiritsa ntchito. M'zipatala zazing'ono zambiri kaundula akadali wa papepala, ndipo mwezi ukatha ziwerengero zimawonkhetsedwa n'kutumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya dera kuti zilowe m'kompyuta, moti cholakwika chimene namwino wotopa wachita powonkhetsa chimakafika ku Maputo chikuoneka ngati choonadi.

Chigawo cha Tete chili ndi phunziro lake limene mmisiri wanzeru sayenera kulinyalanyaza, ngakhale kuti silinabwere ndi kompyuta. M'chaka cha 2008 bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo a m'chigawochi anayamba magulu a anthu omwa ma ARV, osapitirira asanu ndi mmodzi pa gulu, amene amasinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo onse mankhwala, ndipo njirayi, imene imadziwika ndi dzina lakuti GAAC, inadzalandiridwa m'dziko lonse. Maguluwa anachepetsa maulendo ndi ndalama zoyendera kwa alimi amene sangasiye munda wa chimanga kapena wa mbatata ya kachewere mwezi uliwonse, komanso anasonyeza chinthu chimene wopanga pulogalamu amaiwala mosavuta, chakuti munthu amene waima pawindo akhoza kukhala atanyamula makadi a anthu asanu ndi mmodzi. Pulogalamu imene inapangidwa poganiza kuti wodwala aliyense amabwera yekha idzalemba anthu asanu enawo ngati osiya mankhwala pamene akumwa mokhulupirika, ndipo otsata odwala adzatumidwa kumidzi kukafunafuna anthu amene sanasowe.

Za foni nazo zimafuna kusamala. Kuchokera pamene Movitel inayamba ntchito m'chaka cha 2012, netiweki inafika m'midzi yambiri ya Mozambique imene kale inalibe, komabe foni zambiri za kumudzi ndi zamabatani, zimatchajidwa pa sola kapena pa msika molipira, ndipo m'banja foni imodzi nthawi zambiri imakhala m'thumba mwa bambo. Uthenga wokumbutsa mayi za sikelo kapena za mankhwala ukhoza kuwerengedwa ndi wina, ndipo ngati watchula matenda waulula chinsinsi. N'chifukwa chake njira zongoimba nambala yaifupi monga *660#, imene dongosolo la PENSA limagwiritsa ntchito popereka uphungu wa zaumoyo popanda intaneti, zimafikira anthu ochuluka kuposa mapulogalamu ofuna foni yamakono, ngakhale kuti mawu olembedwa m'Chipwitikizi sathandiza mayi wa ku Dómuè, m'dera lomweli la Angónia, amene sukulu anailekera m'makalasi oyambirira. Kwa iye mawu olankhulidwa m'Chichewa ndiwo amagwira ntchito, kaya a pafoni kaya a wogwira ntchito yaumoyo wa m'mudzi (kale ankatchedwa APE), amene amaphunzitsidwa kuyeza ndi kuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba mwa ana, ndipo m'zigawo zina monga Inhambane anapatsidwa foni zokhala ndi pulogalamu ya upSCALE yomutsogolera poyeza mwana.

Vuto limene Angónia amaliika poyera kuposa madera ena ndi la malire. Mabanja a mbali ziwirizi ndi apachibale, ambiri anakhalako ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo wodwala amapita kuchipatala chimene chili pafupi kapena chimene wamva kuti chili ndi mankhwala, osayang'ana mbendera. Mwana akhoza kulandira katemera woyamba mbali ino ndi wachiwiri mbali inayo, ndipo mayi woyembekezera akhoza kuyamba sikelo m'Mozambique n'kukachilira m'Malawi, koma makompyuta a maiko awiriwa, ngakhale anamangidwa pa maziko amodzi, amawerenga aliyense zake. Chimene chimalumikiza mbiri ya wodwala wotere ndi kadi kapena kabuku ka papepala kamene amayenda nako, kotero mmisiri amene akufuna kuthetseratu mapepala m'dera ngati ili amakhala akudula ulusi wokhawo umene ulipo. Ntchito yoyenera kuyambira ndi yooneka yaing'ono, monga kugwirizana pa kalembedwe ka mayina a katemera ndi a mankhwala kuti namwino wa ku Dedza athe kuwerenga kadi la ku Ulónguè, ndipo zimenezi zimafuna kuti maunduna awiri akhale pansi ndi kusainirana mgwirizano wa kasungidwe ka chinsinsi cha odwala mmisiri asanalembe mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu.