Kodi Kiyi Ali M'manja mwa Yani?



Pamene ndinkayamba ntchito m'boma, chuma cha ofesi chinali m'mafayilo. Chipinda chosungiramo mafayilowo chinali ndi chitseko chachitsulo, ndipo aliyense wotenga kiyi ankasaina m'buku, n'kusainanso pobweza. Usiku mlonda ankazungulira ndi tochi ndi chibonga. Mbala ikalowa inkathyola loko, ndipo m'mawa tinkaona pamene yadzera.

Makompyuta atafika, ambiri a ife sitinazindikire kuti kiyi uja wasanduka pasiwedi. Ndiulule kulakwa kwanga. Tsiku lina nditalandira uthenga wa maliro kumudzi, ndinalemba pasiwedi yanga pakapepala n'kusiyira mnyamata wa mu ofesi kuti ntchito isaime. Nditabwerako sindinaisinthe, ndipo kapepalako kanagona m'dirowa zaka zingapo. Palibe choipa chinachitika, koma chimenecho chinali chisomo chabe. Kiyi wachitsulo sindikanamutaya chotero, koma uyu ndinamupeputsa chifukwa sankalemera m'thumba.

Zimenezi zinandibwerera mumtima mu February 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa milungu ingapo. Taganizirani wophunzira amene wapeza malo ku sukulu ya kunja, mayi wa geni amene amakapikula katundu ku Johannesburg, wodwala amene akudikira kukaonana ndi madokotala kunja. Onsewa anatsekeredwa ndi anthu amene sanathyole loko ngakhale mmodzi.

Kawirikawiri mbala zotere zimalowa mwakachetechete. Kalaliki amalandira imelo yooneka ngati yachokera kwa abwana ake kapena ku banki, yomufulumiza kuti atsegule chikalata. Akangodina, pulogalamu yoipa imalowa, n'kufalikira m'makompyuta ena, n'kutseka mafayilo onse mpaka ndalama zitaperekedwa. Kampani yaikulu, chipatala ndi unduna zimagwa ndi chala cha munthu mmodzi wotopa.

Musaganize kuti ndi tsoka la maiko osauka okha. Mu May 2017 pulogalamu yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko ambiri, ndipo zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umenewo mu March chaka chomwecho, koma ambiri anazengereza kuchiika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo tili nawo. Lamulo lokhudza milandu ya pa intaneti linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2016. Koma lamulo silikhala pampando wa kalaliki. Nehemiya atamaliza kumanga linga la Yerusalemu, sanakhulupirire miyala yokha: anasankha anthu okhulupirika oyang'anira zipata, n'kuwalamula nthawi yotsegula ndi yotseka. Linga lolimba lokhala ndi mlonda wosasamala ndi chinyengo.

Tsono inu ana anga amene muli m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'makampani, wakutsina khutu ndi mnansi. Pasiwedi musabwerekane, ngakhale ndi amene mumadya naye nsima masana. Uthenga wokufulumizitsani muuope. Imbirani kaye mwini wake pa nambala imene mukuidziwa kale. Mukadina molakwa, nenani msanga, musabise poopa kudzudzulidwa. Inu mabwana, musakanize ndalama zokonzera makina ndi zosungira mafayilo pamalo ena apadera, ndipo musalange wodziulula, chifukwa mawa adzakhala chete. Wogwira ntchito akachoka, kiyi wake wa pakompyuta atsekedwe tsiku lomwelo. Nanunso asungichuma a m'mabungwe, amene mumasunga ndalama za anthu pa foni, pini ndi yanu nokha.

Ine nthawi yanga inatha, ndipo kapepala kaja kanandichititsa manyazi mochedwa. Zimene mwasunga m'makinamo ndi maina, malipiro, mankhwala ndi maulendo a anthu amene sadzakudziwani nkhope. Asungireni mokhulupirika.

Khalani bwino, ndipo mugawireko anzanu a ku ntchito.