Galimoto imalankhulira kunsi

Ndine makaniko. Ndimagwirira ntchito pafupi ndi pa Chitakale, m'mbali mwa msewu wa M2 umene umachokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi pa Luchenza mpaka kukathera pa chipata cha Muloza. Galaja yanga ndi chisakasa cha malata, dzenje limodzi, majeke awiri ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito. Chimene chimatidyetsa kuno ndi ntchito ya kunsi kwa galimoto. Ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu ndi katundu wa ku Limbuli amafika atakhala pansi kumbuyo ngati bakha, eni ake n'kumadandaula kuti ndiwakwezere. Zaka zonsezi ndakhala ndikukweza galimoto. Woyamba kundipempha kuti ndiyitsitse anali mnyamata wina wochokera ku Joni.

Anabwera ndi VW Polo Vivo yoyera. Galimotozi amazipanga ku South Africa komweko, m'tauni ya Kariega imene kale inkatchedwa Uitenhage, ndipo anyamata a ku Johannesburg amakonda kuzitsitsa mpaka tayala kubisala m'madigadi. Anatsegula buti n'kundionetsa katoni ya ma coilover atsopano, akunyezimira ngati zibangili.

"Madala, ndikufuna igone pansi," anatero.

"Achimwene, ikagona pansi iziyenda kuti?"

"Kwathu, kuseri kwa minda ya tiyi."

Msewu wa kwawoko ndimaudziwa. Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi anagubuduza miyala kuchoka m'phiri la Mulanje n'kudula misewu, malo ena ngakhale njinga ya kabaza imadutsa mokankha. Ndinamuuza zimenezi. Anaseka. Mwini ndalama sakanizidwa, ndiye ndinavala ovolosi.

Kwa amene sanaionepo, coilover ndi shock imene yavala sipuling'i, koma thupi lake lili ndi mazinga ngati bawuti. Pa mazingapo pamayenda mphete ziwiri. Yapamwamba ndiyo mpando wa sipuling'i, yapansi ntchito yake n'kutseka inzakeyo kuti isamasuke. Ukazungulitsa mphetezo ndi sipanala yokhota ngati mbedza, galimoto imakwera kapena kutsika monga wafunira. Shock yobwera ndi galimoto kuchokera kufakitale ilibe zimenezi: mpando wake anawotcherera malo amodzi, basi. Kumbuyo kwa Polo kulinso kwina, chifukwa sipuling'i imakhala payokha, shock payokha, ndiye chosinthira msinkhu chimakhala pa mpando wa sipuling'iyo.

Ndisanamasule bawuti ngakhale imodzi, ndinatenga tepi n'kuyeza kuchokera pakati pa gudumu kukafika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse zinayi, n'kulemba manambala pakhoma ndi choko. Wosayeza poyamba sadziwa kumene wachokera. Kenako tinakweza galimoto, n'kuikhazika pa zitsulo zochirikiza, chifukwa munthu wolowa kunsi kwa galimoto yodalira jeke yekha ndiye kuti watsanzika kwawo. Sipuling'i yakale tinaifinya kaye ndi zofinyira tisanamasule nati ya pamwamba. Sipuling'i yopanikizika ikathawa imaswa nsagwada.

Nati ya pamwamba pa shock yatsopano ndimamanga ndi manja, mkono wina utagwira ndodo ya pakati kuti isazungulire nawo. Ena amaikapo makina omangira a mphepo kuti zithe msanga, koma ndodoyo ikazungulira mwaliwiro imawononga zam'kati, mafuta n'kuyamba kudontha shock isanaone n'komwe mvula. Paipi ya buleki ndi waya wa ABS ndinazibwezera m'malo mwake, n'kupinda chiwongolero uku ndi uku kuti ndione ngati sizikukokeka. Dzuwa likupendeka, galimoto inali itatsika, pakati pa tayala ndi madigadi pongolowa zala ziwiri. Mwini wake anaijambula mbali zonse, phiri la Mulanje litaima kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti mawa lake apite ku Limbe akawongoletse magudumu pa makina, chifukwa galimoto ikasintha msinkhu matayala amayamba kudyekera mbali imodzi.

Patatha masiku atatu anabwerera nkhope ili gwa.

"Madala, galimoto mwaipha. Ikungolira paliponse."

Apa ndi pamene pamayambira umakaniko weniweni. Kumanga zitsulo aliyense angaphunzire mwezi umodzi, koma kumva kumatenga zaka. Munthu akati galimoto ikulira, ine ndimafunsa mafunso atatu: ikulira bwanji, ikulira pati, ikulira ukamatani? Ndinamukhazika kumpando wa pambali, ndinazimitsa wailesi, ndinatsitsa magalasi, tinanyamuka pang'onopang'ono kulowera ku Boma.

Pa hampu yoyamba, magudumu onse awiri atakwera pamodzi, kutsogolo kunali zii. Nditakhotera m'kamsewu ka fumbi, gudumu limodzi lokha litagwera m'dzenje, ndinamva gu! gu! kutsogolo. Phokoso limene limabwera gudumu limodzi likatsika linzake lili pamwamba nthawi zambiri limachokera ku stabilizer, chitsulo chopingasa chimene chimagwirizanitsa magudumu awiri kuti galimoto isapendeke pokhota. Chimalumikizidwa ku shock ndi timikono timene timati malinki. Ndinali nditabwezera malinki akale, osaganiza kuti galimoto ikatsika kutalika kwawo sikugwirizananso ndi malo atsopano. Anali akukankha chitsulocho mpaka kumagunda chinzake. Kuti nditsimikize, tinamasula malinki onse awiri, n'kumangirira chitsulocho ndi waya, n'kudutsanso pa dzenje lomwelo. Zii. Wolakwa anali atapezeka, ndipo anali ine.

Phokoso lachiwiri silinkafuna msewu. Galimoto ili chiimire, ukapinda chiwongolero, kumamveka twang'! ngati wina wadula waya wa gitala. Ndinauza mnyamata wanga kuti agwire sipuling'i ndi dzanja, ine ndikupinda.

"Abwana, ikudumpha," anatero.

Kutsogolo kwa galimoto ngati Polo, shock yonse imazungulira limodzi ndi gudumu, ndipo pamwamba pake pali bering'i imene imalola kuzungulirako. Bering'i ikauma, sipuling'i imayamba yapotoka, kenako n'kulumpha pa mpando wake. Yakaleyo inali itadzaza fumbi lofiira. Sipuling'i yofewa ya kufakitale inkabisa matendawo, yolimbayi inawaulula. Kuyambira tsiku limenelo sindimanganso shock yatsopano pa bering'i yakale, ngakhale mwini galimoto alire bwanji za mtengo.

Lachitatu ndi limene linandisowetsa tulo. Kumbuyo kunkamveka gubudu, koma pokhapokha galimoto ikamatsika pa hampu, osati pokwera. Tinagwedeza ekizozi, tinatulutsa tayala lapadera ndi jeke m'buti, tinamanganso mabawuti onse. Gubudu ali pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa lake m'mawa ndinakweza galimoto mpaka magudumu a kumbuyo kulendewera, ndinagwira sipuling'i, ndipo inagwedera m'manja mwanga ngati dzino la mwana. Pofuna kuti kumbuyo kugone kwambiri, tinatsitsa mpando wake mopitirira, moti gudumu likalendewera sipuling'i inkachoka pamalo pake, n'kubwerera ndi chigundo. Sipuling'i iyenera kukhala yogwirika nthawi zonse, ngakhale gudumu litalendewera mpaka pothera. Iyi si nkhani ya phokoso lokha. Sipuling'i yotere ikhoza kukhala mopendeka galimoto ili paliwiro.

Kalinso kaphokoso kena kamene anthu ambiri amakathira mafuta m'malo mokachiza: kwii, kwii, ngati bedi lakale. Mabushi a labala sazungulira, amapotoka. Ukamanga bawuti yake galimoto ili m'malere, ndiye poitsitsa labalayo amakhala wopotoka kale, amalira, kenako amang'ambika. Mabawuti a mabushi amamangidwa galimoto itaponda pansi ndi kulemera kwake konse. N'chifukwa chake dzenje langa sindingalisinthanitse ndi makina okwezera galimoto.

Phokoso lomaliza silinali la ine. Linali khwee! la kunsi kukhula pansi, ndipo umboni wake unali pa sampu ya oyilo: mikwingwirima yatsopano, yowala. Ndinamulowetsa mwini wake m'dzenje, ndinamupatsa tochi.

"Achimwene, mwala wina ukangoboola apa, oyilo atha musanafike pa tala. Injini ndiye kuti mwaiika m'manda."

Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ikwezeni pang'ono, madala."

Ubwino wa coilover ndi womwewo. Sitinagule chilichonse. Tinangozungulitsa mphete, kuwerenga mizere mofanana kumanzere ndi kumanja, mpaka manambala anatsala pang'ono kufanana ndi a choko aja pakhoma. Tinatseka mphete zapansi mwamphamvu, ndinalemba kamzere ka penti kodutsa mphete zonse ziwiri kuti ikamasuka imodzi tidzaone ndi maso. Anapitanso ku Limbe kukawongoletsa magudumu kachiwiri, ndipo ndalama ya ulendowo ndinamuchotsera pa malipiro anga chifukwa cha malinki aja.

Mdani wotsala ndi nyengo ya kuno. Mulanje ndi dziko la mvula, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa pansi. Matope ofiira akalowa m'mazinga n'kuuma, mphete zimagwirana ndi thupi la shock moti sipanala imangoterera. Ndiye ndinamulangiza kuti mvula ikamatha azibwera tizitsuka mazingawo ndi burashi n'kupakapo girizi wochepa chabe, chifukwa wambiri amaitana mchenga.

Amabweradi. Ulendo wapitawu ndinali m'dzenje ndi Probox ina pamene Polo inakhota kuchoka pa tala. Mnyamata wanga sanadzutse n'komwe mutu pa ntchito imene ankagwira.

"Abwana," anatero, "ball joint ya kumanzere."

Titaikweza Poloyo, inalidi imeneyo.