Kuomba M'manja kwa Evra

Akulu akale anati, "Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo." Mau amenewa sanafe ai, pakuti ngakhale ku Ulaya alipo amuna amene amawagwiritsabe.

M'caka ca 2018, pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse umene unacitikira ku Russia, Eniola Aluko anali mmodzi wa akatswiri olongosola masewero a amuna pa wailesi ya kanema ya ITV. Mai ameneyu anabadwira ku Lagos, ndipo anasewerera timu ya akazi ya England masewero 102. Tsiku lina anafotokoza mwaluso kaseweredwe ka timu ya Costa Rica. Atatha kulankhula, Patrice Evra, amene kale anali wa Manchester United, anamuombera m'manja.

Pakati pa Acewa kuomba m'manja ndi ulemu waukulu. Koma oonerera ambiri anadandaula, nati Evra anacita monga munthu wodabwa poona khanda likuyamba kuyenda. Kodi mwamuna mnzace akadanena mau omwewo, akadamuombera?

Ena amati mkazi sangaweruze mpira wa amuna cifukwa sanausewere. Komatu malamulo ace ndi amodzi, bwalo ndi limodzi, ndiponso alipo amuna ambiri olongosola mpira amene sanaseweremo m'timu yaikulu, koma palibe wowafunsa.

Wacinyamata wotsiriza sukulu aphunzirepo ici: mau ayesedwe ndi nzeru zace, osati ndi mwini wace. Ulemu umene Aluko anayenera kulandira unali kumuyankha, kapena kumtsutsa kumene, monga acitirana akatswiri okhaokha.