Oimba, ovina ndi pepala

Mneni woti "kuimba" amasenza katundu wambiri m'Chichewa. Timaimba nyimbo, timaimba ng'oma, timaimbanso bangwe ndi kalimba; chinenero sichilekanitsa pakamwa ndi dzanja. Liwu loti "gule" nalo silinena mapazi okha, pakuti muli oomba m'manja, a ng'oma ndi ovomera nyimbo. N'chifukwa chake ndimadabwa mayunivesite akamalengeza kuti aphatikiza nyimbo ndi kuvina, ngati kuti ziwirizi zinabadwira kosiyana.

Chaka chatha ndinakamvera okesitira ya ophunzira pa yunivesite ina ku South Africa. Anayamba ndi Mozart, onse atavala zakuda, maso pa pepala, ife omvera tili duu, kuopa ngakhale kutsokomola. Kenaka anatsala anayi okha, oimba zazingwe, ndipo ovina analowa. Nyimbo inali White Man Sleeps ya Kevin Volans, mbadwa ya ku Pietermaritzburg, yomwe anaipeka mu 1982 ndi kuikonzanso mu 1986. Mbali ina ya nyimboyi anaitapa ku nyanga, zitoliro za Anyungwe a ku Tete.

Apa m'pamene mtima wanga unayamba kutsutsa. Ku Tete woomba chitoliro ndi yemwe amaimbanso ndi mawu pakati pa mpweya ndi mpweya, ndi yemwenso amaponda pansi. Pano munthu mmodziyo anali atagawidwa patatu: wopeka, woimba, wovina. Ndinaona milomo ya ovina ikugwedera, akuwerenga chamumtima kuti asataye malo. Vutoli n'lakale. Ku Paris mu 1913, phokoso la omvera litamiza nyimbo ya Stravinsky, Nijinsky anakwera pa mpando kuseri kwa nsanja, nafuulira ovina ake manambala. Kubwalo la Gule Wamkulu zotere sizingachitike, chifukwa wa mbalule ndiye amatsata mapazi a wovina.

Koma chakumapeto, wovina wina anachedwa kutera. Mtsikana wa chelo, yemwe amaimbira mawu akulu, anakweza maso kuchoka pa pepala, nagwira uta wake m'mwamba, namudikira. Phazi ndi chingwe zinagwera pamodzi. Anzake atatu aja anamutsatira osagwedezeka.

Potuluka, mnzanga wophunzitsa nyimbo anati mtsikanayo analakwitsa, ndipo pamayeso akanataya malikisi. Pa pepala ndi zoona. Ine ndinamufunsa kuti m'chinenero chake ali ndi liwu limodzi lonenera zimene mtsikanayo anachita. Tinafika poimika galimoto akulifunafunabe.