Lezala Yakale ndi Lezala Yamakono

Ife amene tidabadwira ku Mchinji boma likadatchedwa Fort Manning tikukumbukira kuti lezala sinkatayidwa msanga. Abambo athu ankathira madzi pang'ono m'tambula yagalasi, n'kumakwecha lezala m'kati mwake ndi chala, kenaka n'kuipukuta pa lamba wachikopa. Ankatero pakuti ndalama za fodya ndi mtedza zinkabwera kamodzi pa chaka.

Luso limeneli linali ndi maziko ake. Malezala a masiku amenewo anali a chitsulo chogwira dzimbiri msanga, ndipo kukwecha kuja kunkachotsa dzimbiri ndi kuwongola kukamwa kwa lezala kumene kwapindika. Koma mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword idatulutsa malezala a chitsulo chosagwira dzimbiri, okutidwa ndi kautoto kosaoneka ndi maso, kothandiza kuti lezala itsetsereke pakhungu. Malezala ambiri a lero ndi otero. Mukawanola mumapala kautoto kaja, ndipo lezala imayamba kukoka ndevu m'malo mozimeta.

Lamba wa malemu bambo anga ndimasungabe, koma sindinolerapo lezala ya m'golosale. Chondidetsa nkhawa koposa n'chakuti lezala yokhalitsa panyumba imabwerekedwanso, ndipo magazi otsalira pamenepo angathe kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Kusamala zinthu kumene ndidaphunzira kwa makolo ndimaphunzitsanso adzukulu anga. Pa nkhani ya lezala yokha ndimawauza kuti aliyense akhale ndi yake, ndipo ikabuntha aiponye m'chimbudzi chokumba, kumene ana sangaitole.